Holo ya mpingo wathu imakhala yotseka mkati mwa sabata: tiyambire pati kuti anthu a m'dera aziigwiritsa ntchito?

Mlembi wa Komiti, Chibavi

Moni nonse. Ndikulemba m'malo mwa komiti ya chitukuko ya mpingo wathu kuno ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu. Kuseri kwa tchalitchi tili ndi holo yoima payokha, mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, ya njerwa zootcha, denga la malata lopanda siling'i. Imatsegulidwa Lamulungu chifukwa cha ana a Sande sukulu, Lachinayi amayi akasonkhana, ndiye mwa apo ndi apo pakakhala ukwati. Masiku ena onsewo ndi loko basi. Chonsecho kunja kwa mpanda wathu amayi a banki m'khonde amakumana pakhonde la golosale, ana a Fomu 4 amasowa powerengera magetsi akathima, ndipo sikelo ya ana imachitikira pansi pa mtengo.

Akulu ampingo avomera kuti holoyi ikonzedwe kuti izithandiza aliyense wa m'dera, wa mpingo wathu ndi yemwe si wathu. Ndalama n'zochepa, ntchito tiyenera kuigawa pawiri kapena patatu. Mavuto omwe alipo ndi awa. Makoma amanyowa kumunsi mpaka m'mawondo ndipo pulasitala akuyoyoka. Mvula ikamagwa sungamve zomwe mnzako akunena. Mawindo alipo 6 okha, lililonse mita 1.2 mbali zonse. Khomo ndi limodzi, lokwera masitepe 4. Chimbudzi ndi cha zitseko ziwiri ndipo chimadzaza madzi mu Malichi. Magetsi ndi madzi timakoka ku nyumba ya abusa.

Mu komiti tagawikana. Ena akuti tiyambe ndi matailosi, penti ndi nsanja kuti tizikopa maukwati, ndalama zakezo zizimangira zotsala. Ena akuti tidule holo pakati tipange zipinda. Inu odziwa zomanga ndi zoyendetsa malo otere, tiuzeni choyamba n'chiti, ndipo n'chiti chomwe tingachisiye kaye.

Folomani, Luwinga

A Mlembi, matailosi ndi penti zidikire. Khoma lomwe likumwa madzi silisunga penti: mupaka mu Sepitembala, pofika Febuluwale yatupa n'kuyamba kusendeka. Matailosi oyalidwa pa simenti yonyowa nawo amayamba kulira ngati ng'oma ukawaponda, kenako amamatuka. Chibavi ndi dera lotsika, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ya ku Mzuzu imagwa mpaka mu Epulo, zaka zina mpaka Meyi. Madzi osefukira a mu Epulo 2016 atasamutsa anthu m'madera otsika a mzinda uno, ambiri anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Holo yanu iyenera kukhala malo ouma oti anthu n'kuthawiramo, choncho ndalama yoyamba ipite ku madzi.

Yambani n'kudziwa komwe chinyezicho chikuchokera. Chikakhala mbali imodzi yokha, makamaka yakumtunda, ndiye kuti ndi madzi oyenda pamwamba omwe akudzagunda khoma. Chikakhala chothothoka ndi matope ofiira pamunsi, ndi madzi a padenga omwe amagwa pansi n'kudumphira kukhoma. Koma mukaona mzere wofanana msinkhu kuzungulira nyumba yonse, wokhala ndi zoyera ngati mchere, ndiye kuti madzi akukwera kuchokera m'maziko, omanga sanaike pulasitiki yotchinga chinyezi kapena inang'ambika.

Mankhwala ake ndi atatu ndipo amayendera limodzi. Kumbali yakumtunda kumbani ngalande yakuya masentimita 60, patali mita imodzi kuchokera kukhoma, muike paipi yoboolaboola pansi, mukwirire ndi miyala ya kwale. Izitsika sentimita imodzi pa mita iliyonse ndipo ikathirire mu ngalande ya msewu, osati pa puloti ya mnansi, chifukwa mlandu wa madzi ndi womwe umayamba kudanitsa mpingo ndi anthu oyandikana nawo. Kenako thirani konkire kuzungulira nyumba, yotambalala mita imodzi, yochindikala masentimita 7.5, yopendekera kunja. Pa holo ya 20 kwa 10 imeneyi ndi pafupifupi masikweya mita 64, ndipo pa muyezo wa 1:3:6 mufuna matumba a simenti pafupifupi 22. Muyezo umenewu pa thumba limodzi ndi wilibala imodzi ndi theka ya mchenga ndi mawilibala atatu a kwale, osasefukira. Muzithirira madzi masiku 7, apo ayi iphulika ming'alu chaka chomwecho. Chachitatu, gumulani pulasitala wovunda mpaka masentimita 30 pamwamba pa mzere wa chinyezi, khoma likhale lamaliseche chilimwe chonse kuti liume, mudzapake wina mu Okutobala. Kumunsiko musapake penti ya mafuta yakuda ija anthu amakonda. Imatsekera madzi m'kati ndipo chinyezi chimangokwera n'kukatulukira pamwamba pake. Laimu kapena penti ya madzi ndi zomwe zimalola khoma kupuma.

Za denga, kwerani muone kaye mitengo yake. Gogodani mtanda uliwonse ndi hamala. Ukamveka wamphako, chiswe chinadutsamo kale. Palibe chifukwa chopachika siling'i pa mitengo yodyeka. Ngati malata ali bwino, sinthani misomali yowola ndi kumata pomwe pakudontha. Ngati mukusintha onse, gulani a geji 28 ndipo muyale pepala lonyezimira lija la sisalation pansi pake. Limachepetsa phokoso pang'ono, koma ntchito yake yaikulu kuno ndi kuletsa mame omwe amadontha kuchokera ku malata m'mawa wa mu Juni ndi Julayi. Phokoso la mvula limathetsedwa ndi siling'i. Matabwa a paini a ku Chikangawa ali pafupi, koma gulani ouma ndi omwetsedwa mankhwala, chifukwa aawisi amapindika n'kusiya mipata. Musanatseke siling'i, tchingani ndi waya wa sefa mipata yonse pakati pa khoma ndi malata. Mukasiya, mileme imalowa, ndipo pakatha zaka ziwiri holo yonse imanunkha zitosi zake.

Mawindo anu onse pamodzi ndi masikweya mita 8.6, pomwe chipinda cha masikweya mita 200 chimafuna pafupifupi 20 kuti anthu awerenge masana osayatsa getsi. Musawakuze cham'mbali, mungadule pomwe lintel, mtanda wa konkire wa pamwamba pa zenera, yatsamira. Gumulani chakumunsi, zenera litsike masentimita 60, lintel ikhale momwe ilili. Malata olowetsa kuwala sathandiza mukaika siling'i, musawononge ndalama.

Khomo lachiwiri ndi lofunika ngakhale ndalama zitachepa bwanji. Likhale mbali ina ya holo, zitseko zonse zizitsegukira kunja, ndipo anthu akakhala m'kati pasakhale loko. Masitepe 4 ndi pafupifupi masentimita 60. Njira yotsetsereka ya njinga za anthu aulumali imafuna mita 12 pa mita iliyonse yokwera, ndiye yanu ikhala mamita 7.2 m'litali, mita 1.2 m'lifupi, ndi malo athyathyathya a mita 1.5 pakhomo oti njinga itembenukirepo. Iyendetseni motsatira khoma pansi pa khonde kuti isamavumbwe, ndipo pamwamba pake mukwangule ndi tsache konkire isanaume. Yosalala ikamera ndere imagwetsa agogo.

Zodula zipinda ndingati dulani mamita 5 akumbuyo okha. Papezeka chipinda cha misonkhano cha 6 kwa 5 ndi chosungiramo katundu cha 4 kwa 5, holo n'kutsala ndi masikweya mita 150. Mufuna mabuloko a simenti pafupifupi 600. Musamange pamwamba pa simenti yakaleyo. Idulani, mukumbe maziko ake, ndipo khomalo lifike kumalata, chifukwa likathera pa siling'i mawu amadutsa pamwamba. Kumbukiraninso kuti malamulo a 2018 a bungwe loona za zomangamanga la NCIC amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za mabungwe ndi zamalonda, ndipo kusintha kotere kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Mzuzu musanagumule chilichonse.

Mlangizi wa Chitukuko, Katoto

Bambo Folomani anena bwino za madzi, sindichotsapo kanthu. Koma a Mlembi, musanaitane wojambula pulani, muli ndi ntchito ya masabata atatu kapena anayi yomwe siifuna thumba la simenti ngakhale limodzi. Maholo ambiri okonzedwa bwino amakhalabe otseka chifukwa komiti inaganizira anthu zomwe akufuna osawafunsa.

Kufunsako kusachitikire m'tchalitchi Lamulungu, chifukwa kumeneko mumva maganizo a anthu omwe ali nawo kale makiyi. Pitani kwa a buloko lida ndi kwa khansala wa wodi yanu, muwapemphe aitanitse msonkhano iwowo. Kenako kumanani ndi gulu lililonse palokha pomwe limakumana: amayi a banki m'khonde, mlangizi wa zaumoyo amene amachititsa sikelo, achinyamata, anthu aulumali, aphunzitsi a sukulu ya mkombaphala ngati ilipo. Funso lakuti "mukufuna tikuchitireni chiyani" limabweretsa mayankho a makompyuta ndi masewera a dziko lonse. Funsani izi: panopa mumakumana kuti, tsiku liti, ola lanji, muli angati, mumanyamula chiyani, mumasiya kuti katundu wanu, ndipo mvula ikagwa mumatani? Mayankhowo muwalembe pa pepala limodzi la masiku 7, m'mawa, masana ndi madzulo. Pepala limenelo ndi lomwe lidzakuuzeni kukula kwa zipinda.

Mudzapeza kuti magulu ambiri ndi a anthu 15 mpaka 30, ndipo ena amafuna chitseko chotseka. Amayi akamawerenga ndalama za banki m'khonde safuna odutsa azisuzumira. Gulu la anthu omwe ali pa ma ARV, kapena mayi wodzadandaula za nkhanza za m'banja, sangalowe pakhomo lomwe aliyense wa pamsewu akumuona komwe akupita. N'chifukwa chake ndikusiyana pang'ono ndi a Folomani: chipinda cha 6 kwa 5 chija chikhale ndi khomo lakelake lotulukira kunja, kuti chizitsegulidwa holo yonse ili yotseka, ndipo chosungiramo katundu chichepe kufika 4 kwa 3 kuti papezeke kachipinda ka 4 kwa 2 kokambiranamo anthu awiri kapena atatu. Chitseko cha kachipindako chikhale ndi galasi chakumtunda. Izi zimateteza mwana komanso wamkulu amene akukamba naye, ndipo lamulo likhale lakuti pa zochitika za ana pazikhala akuluakulu awiri nthawi zonse.

Chomwe chimatsegula holo kwa anthu a m'dera kuposa china chilichonse ndi geti. Mwati holo ili kuseri kwa tchalitchi. Ndiye kuti Msilamu, wa Seventh Day, wa Mboni kapena mnyamata amene sapemphera kulikonse ayenera kulowa pageti la mpingo, kudutsa pakhomo la tchalitchi ndi pakhonde la abusa asanafike. Ambiri sachita zimenezo, ndipo sadzakuuzani chifukwa chake. Boolani geti laling'ono la oyenda pansi kumbali yomwe holo yayandikira msewu kapena njira, mita 1.2 m'lifupi, ndi kanjira kouma kolunjika pakhomo. Chikwangwani chilembedwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, chinene kuti malowa ndi a mpingo wakuti ndipo aliyense ndi wolandiridwa, ndi ndandanda ya sabata pansi pake. Palibe chobisa kuti holo ndi ya mpingo. Chofunika ndi kuti akulu ampingo agwirizane poyera, alembe m'buku, kuti wodzayezetsa mwana kapena wodzawerenga sadzakakamizidwa kukhala nawo pa mapemphero kapena kulembetsa dzina. Nkhani imeneyi ikasiyidwa m'malere, tsiku lina wina wachangu adzayamba kulalikira pamzere wa sikelo, ndipo mwezi wotsatira amayi theka adzabwerera pansi pa mtengo.

Khonde lalikulu ndi lotsika mtengo kuposa chipinda ndipo limagwira ntchito zambiri. Likhale lotambalala mamita atatu kumbali yoyang'ana geti latsopanolo, ndi benchi ya simenti motsatira khoma, ndi ngowe yolimba pamtanda yopachikapo sikelo. Sikelo ya ana, mzere wa katemera ndi anthu obisala mvula onse akwana pamenepo osatsegula holo.

Ngati mukuganiza za sukulu ya mkombaphala, kambiranani ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti ilembetsedwe, ndipo muwerengere mwana aliyense masikweya mita awiri. Simenti ya kuno imazizira kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ana sangakhale pansi popanda mphasa kapena mikeka, ndipo mikekayo imafuna poiyanika ndi poisunga. Pamafunikanso kakhitchini ka phala kunja, ka mbaula yokhala ndi chotulutsira utsi. Za mabuku, pitani ku nthambi ya National Library Service ya mu Mzuzu mukafunse momwe angakuthandizireni, m'malo modzaza mashelefu ndi mabuku opatsidwa omwe palibe mwana wa Sitandade 8 angawatsegule.

Zimbudzi zisakhale zomalizira. Mayi wokhala ndi mwana kumbuyo amaona chimbudzi kaye asanaganize zobweranso. Zitseko za amayi zichuluke kuposa za abambo, mwachitsanzo zitatu kwa ziwiri, makomo ake ayang'ane kosiyana, loko akhale wa m'kati. Pakhale chimodzi chachikulu, mita 1.5 kwa 2.2, chokhala ndi pokhalira ndi zogwirira, komanso cha ana cha bowo laling'ono.

Mlembi wa Komiti, Chibavi

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Za geti lachiwiri ndikudziwa kuti akulu ena akana poopa akuba, chifukwa zokuzira mawu ndi mipando yonse zimagona mu holomo. Komanso abusa adandaula kale za bilu ya madzi ndi mayunitsi. Nanga chimbudzi chodzaza madzicho, tikumbe china pambali kapena timange chamadzi?

Wamagetsi ndi Mipope, Zolozolo

A Mlembi, abusa akunena zoona, ndipo anthu akachuluka zidzanyanya. Holo ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM yogula mayunitsi, ndi mita yake ya Northern Region Water Board. Podikira, ikani timamita tapakati pa waya ndi pa paipi zopita ku holo, kuti mwezi ukatha muziwerenga manambala m'malo mokangana. Waya wokoka kuchokera ku nyumba ina nthawi zambiri amakhala woonda, ndipo tsiku la ukwati akalumikiza zokuzira mawu, firiji ndi ketulo amatentha. Mawaya onse aikidwe mwatsopano siling'i isanatsekedwe, ndi munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Pabokosi pakhale chozimitsa cha 30 mA choteteza anthu ku shoko, ndi mizere itatu yosiyana: holo, zipinda zakumbuyo, ndi magetsi a panja. Masoketi akhale mita 1.2 kuchokera pansi chifukwa cha ana ndi chinyezi chija.

Sola musaigulire holo yonse. Iwerengereni chipinda chowerengera ndi magetsi a panja basi. Mababu 6 a 9 W kwa maola 4 ndi 216 Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Apanja 4 a 10 W usiku wonse, maola 11, ndi 440 Wh. Mafoni 20 ndi pafupifupi 200 Wh, malaputopu awiri kwa maola atatu ndi 300 Wh. Zonse ndi 1,156 Wh, ndipo mukaonjezera zotayika mu inveta, chipangizo chosintha magetsi a m'batire, ndi m'mawaya muwerenge 1,500 Wh patsiku. Batire ya 12 V 200 Ah imasunga 2,400 Wh, koma yamtovu siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye mufuna awiri. Mapanelo muwawerengere pa miyezi ya mitambo, pomwe dzuwa lamphamvu silidutsa maola atatu ndi theka: awiri a 300 W akwana. Ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 15 kuti mvula izitsuka fumbi, omangidwa m'felemu yowotcherera. Chomwe chimapha mabatire msanga ndi munthu wolumikiza ayironi kapena ketulo pa soketi ya sola. Masoketi amenewo akhale ochepa, a mtundu wina, ndipo mabatire akhale m'bokosi lokhoma lokhala ndi mpweya.

Madzi a padenga ndi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga lanu ndi pafupifupi masikweya mita 230, ndiye mvula ya mamilimita 30 imatsitsa malita 6,900, ndipo panopa onsewo akuthera m'maziko. Ikani ma gutter, mipita yolandira madzi m'mphepete mwa denga, mbali zonse, otsika sentimita imodzi pa mamita awiri alionse, zogwirizira pa masentimita 60 alionse kuti asagonje pakati. Mbali imodzi ithire m'thanki ya malita 5,000. Madzi oyamba amabwera ndi fumbi ndi zitosi, choncho ayambe adzaza mgolo wa malita 60 wokhala ndi kabowo kotayira pansi, otsatirawo ndiwo alowe m'thanki kudzera pa sefa. Paipi yotulutsa osefukira ikhale yaikulu ngati yolowetsa ndipo ikathere mu ngalande ija. Madziwa ndi okolopera, osamba m'manja ndi othirira maluwa. Akumwa akhale a pampope, ndipo mukafuna kumwa a m'thanki muthire klorini. Kolera wa 2022 mpaka 2023 tonse tikumukumbukira. Mpope wosambira m'manja ndi sopo womangirira pachingwe zikhale panjira yochokera kuchimbudzi, pomwe munthu sangazilambalale.

Chimbudzi chamadzi pamalo pomwe madzi a pansi ali pafupi n'chovuta. Dzenje lomwetsa madzi a septic tank likadzaza mu Malichi, zonyansa zimabwerera m'nyumba, komanso madzi akasiya kutuluka pampope anthu 100 amachiwononga tsiku limodzi. Kukumba dzenje lina lakuya kudzabweretsa vuto lomwelo. Kumbani kadzenje koyesera kumapeto kwa dzinja muone pomwe madzi afika. Dzenje lenileni lilekezere pamwamba pa pamenepo, limangidwe ndi mabuloko kuyambira pansi, ndipo likwezedwe mita imodzi pamwamba pa nthaka, kuzungulira kwake mukwirire dothi lotsenderedwa. Kumbuyo kukhale chivindikiro chochotseka ndi njira yoti galimoto yopopa ifike. Paipi ya mpweya ya mamilimita 110 ipitirire denga ndi masentimita 50, kumutu kwake sefa yotchinga ntchentche. Chitalikirane ndi chitsime chilichonse mamita 30, ngakhale chitsimecho chikhale cha mnansi. Kukweza kumeneku kukutanthauza kuti chimbudzi cha aulumali chifunanso njira yake yotsetsereka, muiwerengere m'bajeti.

Msungichuma, Mchengautuwa

Pa nkhani ya akuba, a Mlembi, akuluwo muwayankhe ndi chipinda chosungiramo katundu. Chikhale chopanda zenera lalikulu, cha chitseko chachitsulo, ndi waya wolimba pamwamba pa siling'i chifukwa akuba ambiri amalowera kudenga. Zokuzira mawu ndi mipando yochita lendi zigone mmenemo, kiyi wake akhale ndi anthu awiri okha. M'holo mutsale mabenchi ndi matebulo olemera. Gulu lililonse lokhazikika lipatsidwe kabati yakeyake yokhoma. Pamalo pomwe pali anthu kuyambira m'mawa mpaka 8 koloko usiku sipabedwa kawirikawiri ngati pamalo pomwe pamakhala zii masiku asanu.

Amene akuti maukwati ndi omwe azibweretsa ndalama sakulakwa, angolakwitsa poyambira. Ukwati ndi chinkhoswe zimabwera Loweruka, makamaka miyezi yopanda mvula, ndipo eni ake amayang'ana zimbudzi, magetsi osathima, poimika magalimoto ndi pophikira. Zambiri mwa izi zatchulidwa kale pamwambapa. Nsanja musamange ya konkire, imadya malo sabata yonse chifukwa cha tsiku limodzi. Khomani mabokosi a matabwa a mita 2 kwa 1, otalika masentimita 30, asanu ndi limodzi, oti n'kuwasanjikiza pakona.

Mitengo ikhale itatu ndipo ipachikidwe pakhoma. Sikelo, ana owerenga ndi misonkhano ya anthu a m'dera ikhale yaulere. Magulu omwe amagwira ndalama, monga banki m'khonde ndi osoka, azipereka kangachepe pamwezi kogulira sopo ndi mayunitsi. Maukwati, maphunziro a mabungwe ndi zamalonda azilipira mtengo wonse, kuphatikizapo chikole chobwezedwa akasiya malo ali bwino. Ndalamazi zisalowe m'thumba limodzi ndi chopereka cha Lamulungu. Zikalowa, zimapita ku zosowa zina za mpingo, zomwenso ndi zenizeni, ndipo tsiku lopopa chimbudzi mumapeza mulibe kanthu. Tsegulani akaunti yapadera ya osayina atatu, awiri azisayina, ndi nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira, lisiti nthawi zonse. Pa K100 iliyonse yolowa, K30 izipatulidwa yokonzera zowonongeka isanagwiritsidwe ina iliyonse.

Komiti yoyendetsa holo isakhale ya mpingo yokhayokha. Pa anthu 7, atatu achokere kunja: mmodzi wa magulu ogwiritsa ntchito malowa, wachinyamata, ndi wina wosankhidwa ndi a buloko lida. Umwini wa malo ndi nyumba ukhalabe wa mpingo, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano lomwe gulu lililonse lisayine, pamodzi ndi ola lotsekera nyimbo usiku, nkhani ya mowa, ndi yankho limodzi kwa zipani zonse zandale. Kulola chipani chimodzi n'kukaniza china kumathamangitsa theka la dera.

Chomwe chimasokoneza ndandanda kwambiri ndi maliro, chifukwa sapangana ndi munthu. Gwirizanani lero kuti maliro akagwa holo yaikulu ndi mipando zipita kumeneko, kaya womwalirayo ndi wa mpingo kaya ayi, koma chipinda chakumbuyo chipitiriza ntchito zake. Mipando izituluka ndi kubwera mowerenga, m'buku. Ndipo pakhale wosamalira malo mmodzi wolandira kenakake pamwezi, amene amatsegula nthawi yake. Gulu likapeza loko kawiri motsatizana chifukwa wa kiyi wapita ku Ekwendeni, silibweranso.

Pogula zipangizo, kumbukirani momwe mitengo inadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama ya zomangira isagone kubanki. Malata, mapaipi, zitsulo ndi mafelemu gulani msanga musunge.

Folomani, Luwinga

Mayi Mlangizi, khomo lakunja la chipinda chakumbuyo ndavomera, likhala lachitatu ndipo lintel yake iikidwe khoma lisanabooledwe, mbali imodzi kaye kenako inayo. Khonde la mamita atatu lifuna mizati yachitsulo pa mamita atatu alionse, yomangirira bwino pansi, chifukwa mphepo imayamba kunyamula khonde isanakhudze denga.

Pa mawu a Msungichuma ndionjezepo kuti simenti yokha musagule yosunga. M'chinyezi cha kuno imayamba kuundana isanathe miyezi itatu. Gulani ya ntchito ya masabata awiri kapena atatu, muisanje pa matabwa, kutali ndi khoma, matumba osapitirira 10 pamulu. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, ndiye isakhale pa njerwa zosanja. Ithirireni konkire ya masentimita 15 yokhala ndi waya, pa nthaka yotsenderedwa, yotambalala kuposa thankiyo, ndipo italikirane ndi khoma la holo mita imodzi.

Gawo loyamba likhale ngalande, konkire yozungulira, ma gutter, zimbudzi, geti, khomo lachiwiri ndi njira yotsetsereka, kuyambira Juni mpaka Okutobala. Denga ngati likusasulidwa, mu Ogasiti kapena Sepitembala, mbali imodzi imodzi. Mawaya, siling'i ndi zipinda ndi ntchito ya m'kati, ingathe kuchitika ngakhale m'dzinja. Pulani yopita kukhonsolo ijambulidwe ya magawo onse nthawi imodzi kuti musalipire kawiri, ndipo munyamule chikalata cha malo, adzachifuna.